Kanema wa zenizeni ndi kanema woiwalitsa mavuto: wa ku Mwanza aonere uti?

Woyenda madzulo pamsika wa Mwanza boma, kapena chakufupi ndi chipata cholowera ku Zobue, amamva phokoso lomwe limamvekanso m'misika yambiri ya m'dziko muno: mfuti zikulira, zibakera zikugwa, ndi mawu a mnyamata amene akumasulira m'Chichewa zoyankhula munthu wa ku China kapena ku India. Phokosoli limachokera m'tinyumba toonetsera mafilimu, ndipo masiku ano limachokeranso m'mafoni a m'manja. Oonera ake ndi akabaza amene aweruka, mavenda a manachesi, anyamata othandiza madalaivala a mathiraki odikira zikalata pachipata, ndi ana a sukulu omwe apeza kandalama kolowera.

Chodabwitsa n'chakuti pa kanemayo sipaoneka munthu wofanana ndi aliyense wa iwo. Sipaoneka wakabaza, sipaoneka mlimi amene manachesi ake akuwolera m'dengu chifukwa wogula watchula mtengo wachipongwe. Pamaoneka asilikali osafa, akalonga a m'nyumba zagolide ndi anamwali ovina pamapiri a chipale. Kodi anthuwa akunamizidwa, kapena akupuma? Funsoli si la ku Mwanza kokha. Opanga mafilimu akhala akulimbana nalo kuyambira pamene kanema adabadwa, ndipo yankho lake likukhudza zimene Amalawi adzajambule ndi zimene ana athu adzakumbukire za dziko lawo.

Mapasa obadwa m'nyumba imodzi

Kanema adayambira ku France. M'chaka cha 1895 abale awiri, Auguste ndi Louis Lumière, adaonetsa anthu a ku Paris zithunzi zoyenda. Adajambula zinthu wamba: antchito akutuluka m'fakitale, khanda likudyetsedwa, ndipo pambuyo pake sitima ikufika pasiteshoni. Zambiri mwa zithunzizo zidalibe nthano. Chidwi chonse chidali pa kuona moyo wa tsiku ndi tsiku ukuyenda pachinsalu.

Mmodzi mwa amene adachita chidwi ndi makinawo adali Georges Méliès, katswiri wa masewero amatsenga. Iye adaona kuti kamera ingathenso kunama mokoma. M'chaka cha 1902 adatulutsa filimu ya anthu amene akuwomberedwa kumwezi ndi chimzinga, chombo chawo n'kukatera m'diso la mweziwo. Kuyambira pamenepo kanema wakhala ndi njira ziwiri. Ina imatenga woonera n'kumubwezera ku moyo wake kuti auone bwino. Inayo imamutulutsa m'moyo wakewo kwa ola limodzi kapena awiri kuti auiwale.

Kusiyana kwa njira ziwirizi sikuli pakuti ina imaseketsa ndipo ina imaliritsa. Kuli pa zinthu zinayi. Choyamba ndi malo: filimu ya zenizeni imajambulidwa m'misewu, m'misika ndi m'nyumba zimene anthu amakhalamodi, pamene yoiwalitsa mavuto imakonda malo omangidwa dala kuti akongole. Chachiwiri ndi mpangankhani: m'filimu yoyambayo amakhala munthu wamba, wotopa, wochita mantha, wokhala ndi ngongole, pamene m'yachiwiriyo amakhala ngwazi yogonjetsa anthu makumi asanu yokha, malaya osang'ambika. Chachitatu ndi gwero la vuto: kwina vuto ndi ulova, lamulo lokondera, chilala kapena mwambo, zinthu zimene sungazimenye chibakera, pamene kwinako vuto ndi munthu mmodzi woipa mtima, ndipo akafa zonse zimakhala bwino. Chachinayi ndi mathero: filimu ya zenizeni imatha kusiya woonera ali ndi funso, yoiwalitsa mavuto imatseka nkhani ndi ukwati, chuma kapena chipambano.

Njinga ya ku Rome ndi ngolo ya ku Dakar

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, dziko la Italy lidali pa umphawi wadzaoneni. Opanga mafilimu ena adatuluka m'nyumba zojambuliramo n'kupita ndi makamera awo m'misewu. M'chaka cha 1948 Vittorio De Sica adatulutsa filimu yotchedwa Bicycle Thieves, kutanthauza akuba njinga, ndipo wakabaza aliyense wa ku Mwanza angaimve popanda womasulira.

Bambo wina wosowa ntchito, Antonio, wapeza ganyu yomata zithunzi zotsatsa malonda m'makoma a mzinda wa Rome, koma ntchitoyo ikufuna njinga. Mkazi wake akupinyolitsa nsalu zoyala pabedi kuti awombole njinga yomwe idali kale papinyolo. Tsiku loyamba lenilenilo, njingayo ikubedwa. Antonio ndi mwana wake Bruno akuzungulira mzinda wonse osaipeza. Potsiriza bamboyo, atasowa pogwira, akuyesa kuba njinga ya munthu wina, akugwidwa ndi kuchititsidwa manyazi mwana wake akuona. Mwini njingayo akumukhululukira ataona mwanayo akulira, ndipo awiriwo akubwerera kwawo chimanjamanja. Amene adasewera ngati Antonio, Lamberto Maggiorani, sadali wazisudzo. Adali wantchito wa m'fakitale.

M'filimuyi muli kanthu kena kofunika kukaona. Pamene njinga ikubedwa, Antonio ali pamakwerero kumata chithunzi cha Rita Hayworth, nyenyezi ya ku Hollywood. Maso ake ali pa maloto a anthu ena, chuma chake chokhacho chikutengedwa kumbuyo kwake.

Ku Africa kuno njira imeneyi idatsegulidwa ndi Ousmane Sembène wa ku Senegal, amene adayamba ngati mlembi wa mabuku koma adazindikira kuti anthu ambiri akwawo sangawerenge zolemba zake za m'Chifalansa. Iye ankaona kanema ngati sukulu yamadzulo ya anthu wamba. Filimu yake yaifupi ya 1963, Borom Sarret, ikutsata tsiku limodzi la woyendetsa ngolo yokokedwa ndi hatchi mumzinda wa Dakar. Ena mwa okwera sakumulipira, ndipo atanyengereredwa kulowa m'dera la anthu olemera kumene ngolo n'zoletsedwa, wapolisi akumulanda ngoloyo. Mu 1968 Sembène adatulutsa Mandabi m'chiyankhulo cha Chiwolofu, nkhani ya bambo amene walandira ndalama kuchokera kwa mphwake wa ku Paris koma sangaitape chifukwa alibe chitupa. Banja lililonse lodikira ndalama ya ku Joni lingadzione m'nkhani imeneyi.

Kuthawa si mlandu

Pali chizolowezi pakati pa anthu ophunzira chonyoza mafilimu a karate, a chikondi cha ku India ndi a mafumu a ku Nigeria, ngati kuti owaonera ndi opanda nzeru. Chiweruzo chotere n'chopupuluma. Munthu amene wapalasa njinga tsiku lonse, atanyamula matumba a makala pazitunda za ku Mwanza, sasowa womuuza kuti umphawi umawawa. Akalipira pakhomo la vidiyo akugula mpumulo, monga mmene wina amagulira kapu ya thobwa.

Hollywood yomwe idadzifunsapo funsoli. M'filimu ya Preston Sturges ya 1941, Sullivan's Travels, wopanga mafilimu oseketsa wina wolemera watopa ndi nthabwala ndipo akufuna kujambula za masautso a amphawi. Akuvala nsanza kuti akaone yekha umphawiwo, zinthu zikumutembenukira, mapeto ake akupezeka m'ndende yakalavulagaga. Usiku wina akaidiwo akuwatengera kutchalitchi kukaonera katuni, ndipo anthu omangidwa maunyolo aja akuseka mpaka misozi. Pamenepo iye akuzindikira kuti kwa munthu amene walandidwa zonse, kuseka nakonso ndi chakudya.

Makolo athu ankadziwa zimenezi kanema asadafike. Nthano za Kalulu ndi Fisi zinkakambidwa madzulo, ntchito ya kumunda itatha, ndipo m'nthanomo nyama zimayankhula, wamng'ono amapusitsa wamphamvu. Palibe ankati agogo akunamiza adzukulu. Komabe m'nthano zomwezo mudali choonadi chokhudza umbombo, dyera ndi ufumu wankhanza. Mnyamata womasulira mafilimu lero akugwirako ntchito ya agogo aja. Samasulira liwu ndi liwu. Amapatsa atengambali mayina a kuno, amasandutsa Hong Kong kukhala Ndirande, amaponyamo nthabwala za kukwera mtengo kwa zinthu. Filimu yachilendo ikatuluka pakamwa pake imakhala itavala chitenje. Chimenechi chikusonyeza kuti ngakhale pothawa mavuto, woonera amafunabe kumva dzina la kwawo.

Pamene padalibe chosankha

Kuti timvetse chifukwa chake mafilimu akunja adazika mizu chotere, tiyenera kukumbukira mbiri. M'nthawi ya atsamunda, kuyambira mu 1948, bungwe la Central African Film Unit linkapanga mafilimu oonetsa anthu akuda a ku Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri. Ankayenda nawo pagalimoto m'midzi, ndipo ambiri adali ophunzitsa: kalimidwe, ukhondo, kusunga ndalama, kumvera boma. Anthu a m'mafilimuwo ankaoneka ngati ife, midzi yake ngati yathu, koma nkhani yake idali ya mwini kamera. Zimene anthu ankadandaula nazodi, monga msonkho, thangata ndi chitaganya, sizinkamveka monga mmene eni ake ankazinenera.

Ufulu utabwera, galimoto za unduna wofalitsa nkhani zidapitiriza kuzungulira m'maboma ndi zithunzi za chitukuko ndi maulendo a mtsogoleri wa dziko. M'chaka cha 1968 kudakhazikitsidwa lamulo lounika ndi kuletsa mabuku, masewero ndi mafilimu, ndipo bungwe loona zimenezi lidali ndi lumo lakuthwa. Dziko lino lidakhalanso lopanda wailesi yakanema yakeyake mpaka mu 1999 pamene TVM idatsegulidwa. Kwa zaka zonsezo Mmalawi ankatha kuona Bruce Lee ku Apollo mumzinda wa Blantyre, kenako Rambo ndi Chuck Norris m'mavidiyo a m'matauni, koma sakadaona filimu yonena zoona za mudzi wake. Kwa mbadwo umenewo kuthawa sikudali kusankha. Khomo linalo lidali lokhoma.

Boma la Mwanza likudziwa bwino mtengo wa nkhani yopeka imene yaikidwa m'malo mwa choonadi. M'mwezi wa May 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adapezeka atafa chakumsewu wa ku Thambani. Dziko lidauzidwa kuti adafa pangozi ya galimoto. Kwa zaka 11 nkhani inkayenera kukhala imeneyo, ndipo wokayika ankakayikira mumtima. Komiti yofufuza imene idakhazikitsidwa mu 1994, motsogozedwa ndi Jaji Mtegha, idapeza kuti anayiwo adachita kuphedwa ndi apolisi ndipo ngoziyo idali yokonza. Pamlandu umene udatsatira mu 1995, Dr Hastings Kamuzu Banda, John Tembo ndi anzawo adapezeka osalakwa. Mlandu suwola, amatero akuluakulu, koma mbiri imene sidalembedwe kapena kujambulidwa imafufutika m'mitu ya anthu. Ambiri mwa achinyamata amene amadzaza tinyumba ta vidiyo ku Mwanza adabadwa zonsezi zitapita kale. Angakufotokozereni za nkhondo ya ku Vietnam monga adaionera kwa Rambo, koma za Thambani amangomva mwa apo ndi apo.

Amalawi atagwira kamera

Anthu ena amati Mmalawi safuna kuonera mavuto ake. Umboni ukukana. Kumayambiriro a zaka za m'ma 1990 filimu ya ku Zimbabwe, Neria, yomwe nkhani yake idalembedwa ndi Tsitsi Dangarembga ndipo mudali woimba Oliver Mtukudzi, idagwira mitima m'dziko muno. Idali nkhani ya mayi wamasiye amene mlamu wake akumulanda katundu. Mudalibe karate ngakhale galimoto zophulika, koma amayi ankaionera mobwerezabwereza chifukwa aliyense ankadziwa Neria wa m'mudzi mwake. Lamulo la dziko lino la 2011 lokhudza chuma cha masiye limati kulanda katundu motere ndi mlandu. Filimu payokha siidabweretse lamulolo, koma idathandiza kuti nkhani ya kuseri kwa siwa ikambidwe poyera.

Masewero a pa wailesi adali atakonza kale njira. Sewero la Sabata Ino ndi Kapalepale pa MBC, zisudzo za Du Chisiza Jr ndi gulu lake la Wakhumbata, nthabwala za Izeki ndi Jakobo, kenako Tikuferanji pa kanema, zonsezi zidaphunzitsa Amalawi kuseka kwinaku akudziyang'ana.

Pa mafilimu aataliatali, Shemu Joyah ndiye adaonetsa kuti nkhani ya kwathu ingajambulidwe mwaluso lofika pa mlingo wa mayiko ena. Seasons of a Life ikukamba za mtsikana wantchito wa m'nyumba amene wapatsidwa mimba ndi bwana wake, ndipo patapita zaka akumenyera mwana wake kukhoti. The Last Fishing Boat ya 2012 ikuonetsa msodzi wa kunyanja amene nsomba zikumuthera, kwinaku ndalama ya alendo odzaona malo ikusokoneza banja lake. The Road to Sunrise ya 2017 ikulowa m'moyo wa amayi oyendayenda a m'makwalala a Blantyre popanda kuwanyoza kapena kuwakometsa, ndipo mu 2018 idapambana mphoto ya Africa Magic Viewers' Choice ya filimu yabwino koposa ya kummwera kwa Africa. Mphoto yomweyo idabweranso kuno mu 2016 kudzera m'filimu ya Joyce Mhango Chavula yotchedwa Lilongwe. Mu 2020 Gift Sukali adatulutsa Fatsani, nkhani ya mtsikana wamng'ono amene akugulitsa malonda m'misewu sukulu yake itatsekedwa.

Filimu imene yaonetsa Malawi kwa anthu ambiri padziko lonse ndi The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, yotsogoleredwa ndi Chiwetel Ejiofor. Ikukamba za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu ndi njala ya 2001 mpaka 2002. Idajambulidwa ku Kasungu komweko, mbali yaikulu m'Chichewa, ngakhale kuti katchulidwe ka ena mwa osewera akunja kadaseketsa eni chiyankhulo. Apanso njinga ya bambo ndiyo chuma chomaliza cha banja. Koma filimuyi ikutiphunzitsanso kanthu kena. M'moyo weniweni makina oyamba a mphepo a Kamkwamba adayatsa magetsi ndi wailesi pakhomo pawo, zopopa madzi zidabwera pambuyo pake. M'filimu makinawo akupopa madzi othirira mbewu njala ili pachimake, kuti nkhani ithe mokhutiritsa. Ngakhale filimu ya nkhani yoona imasankha, imadula, imasuntha zinthu. Kamera iliyonse ili ndi mwini wake, ndipo imayang'ana kumene iye wailozetsa.

Mbuna za mbali zonse ziwiri

Kanema wa zenizeni ali ndi matenda ake. Oyamba ndi kusanduka ulaliki. Popeza ndalama zambiri zojambulira m'dziko muno zimachokera ku mabungwe okhala ndi uthenga wawo, nkhani imalembedwa kuyambira kumathero: mtsikana asakwatiwe msanga, bambo akayezetse magazi, mudzi ukumbe zimbudzi. Uthengawo ndi wabwino, koma atengambali amayankhula ngati zikwangwani, ndipo woonera amadziwa mathero filimu isadafike pakati. Zotere si zenizeni ayi. Moyo weniweni uli ndi anthu abwino ochita zoipa ndi oipa ochita zabwino.

Matenda achiwiri ndi kujambulira maso a alendo. Filimu ikamapangidwa kuti ikapambane mphoto kunja, pamakhala chiyeso choonetsa ntchentche, nsanza ndi misozi yokhayokha, ngati kuti ku Kunenekude anthu sakwatirana, savina, sanamizana pa bawo. Umphawi wopanda nthabwala ndi bodza lofanana ndi chuma chopanda thukuta.

Kanema woiwalitsa mavuto nayenso amafika poipa akasiya kupumitsa munthu n'kuyamba kumuphimba m'maso. The Gods Must Be Crazy ya Jamie Uys, ya 1980, idaseketsa dziko lonse, Amalawi omwe, ndi botolo la Coca-Cola logwa kuchokera kumwamba. Idapangidwa ndi anthu a ku South Africa tsankho lili pachimake, ndipo idaonetsa anthu a m'chipululu cha Kalahari ngati ana osalakwa osadziwa mavuto, pamene eni akewo adali atataya malo awo ambiri. Kuseka kudali koona, chithunzicho chidali chabodza.

Chitsanzo chapafupi chili pamsewu wa M6 womwewu. Basi iliyonse yodutsa pa Mwanza kulowera ku Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge imanyamula achinyamata amene Johannesburg adamuonera pa kanema: nyumba zosanja, galimoto zonyezimira, ndalama zosavuta. Kanemayo saonetsa chipinda chogona anthu asanu ndi mmodzi, chiphaso chotha masiku, malo osungirako ogwidwa a Lindela, kapena ziwawa zothamangitsa obwera za 2008 ndi 2015 zimene zidabweza Amalawi ambiri pamabasi. Chimodzimodzinso mafilimu amene vuto lililonse amalimasulira ndi ufiti. Kuyambira pa Living in Bondage ya 1992, imene idatsegula msika wa mafilimu a ku Nigeria, nkhani ya chuma chokhwimira yakhala yogulitsa malonda. Monga nthano ilibe vuto. Koma m'dziko limene agogo amamenyedwa ndi kuphedwa powaganizira ufiti, filimu yophunzitsa kuti matenda ndi ulova zimachokera kwa nkhalamba ya kuseri kwa nyumba siikupumitsa aliyense.

Palinso opanga mafilimu amene amaphatikiza njira ziwirizi. Rungano Nyoni, wobadwira ku Zambia, mu I Am Not a Witch ya 2017 adajambula amayi onenedwa ufiti atamangiriridwa ku maliboni aataliatali oyera kuti asauluke. Malibonizo n'zopeka, ndipo filimuyo imaseketsa, koma nkhanza imene ikuululidwayo ndi yeniyeni. Charlie Chaplin adachita zomwezo kalekale: anthu ankaseka kayendedwe kake, koma ankaseka munthu wanjala wothamangitsidwa ndi wapolisi.

Nkhani ya ndalama

Chifukwa china chimene mafilimu akunja amapambanira n'chosavuta kumva. Filimu ya ku Hollywood, Mumbai kapena Lagos imafika kuno itabweza kale ndalama zake kwawo. Mwini vidiyo amaipeza pamtengo wochepa, woika mafilimu m'mafoni amaikopera kambirimbiri popanda kulipira mwini wake. Wopanga filimu wa kuno amayenera kulipira kamera, mafuta, chakudya ndi osewera, kenako n'kupikisana ndi katundu amene wafika ngati waulere. Akaitulutsa, nayonso imakoperedwa sabata yomweyo. Bungwe la Cosoma lilipo kuti liteteze umwini wa ntchito zaluso, ndipo la Film Association of Malawi limayankhulira opanga mafilimu, koma kulondola memore khadi iliyonse m'misika ya dziko lino si ntchito yamasewera.

Zotsatira zake n'zakuti mafilimu abwino a Amalawi amaonetsedwa kamodzi kapena kawiri m'mahotela a Blantyre ndi Lilongwe, n'kupita ku zikondwerero zakunja, osafika kwa Kanduku kapena kwa Nthache. Ambiri a iwo alinso m'Chingerezi. Choncho tisafulumire kunena kuti anthu a kumudzi adakana kanema wa zenizeni. Ambiri sadapatsidwepo kuti alawe. Pamene sewero la m'Chichewa, ngakhale lojambulidwa ndi foni, lafika pa WhatsApp, YouTube kapena TikTok, limayenda ngati moto wa m'chilimwe.

Nkhani zimene zikudikira

Mwanza ndi boma laling'ono, ndipo lidachepanso pamene Neno idaima payokha mu 2003, koma nkhani zake zingadzaze chinsalu kwa zaka zambiri. Pali mabanja a malire amene munda uli ku Mozambique, nyumba ili ku Malawi. Pali zikwizikwi za othawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo amene adalandiridwa kuno m'zaka za m'ma 1980, ndi enanso amene adafika ku Kapise mu 2015 ndi 2016 asadasamutsidwire ku Luwani. Pali mlimi wa manachesi amene zipatso zake zimapsa nthawi imodzi ndi za anzake onse, mtengo n'kugwa. Pali mayi wogula katundu ku Tete, mtsikana wa pamalo ogona madalaivala, mkazi wolera ana yekha mwamuna ali ku Joni chaka chachisanu. Pali Thambani. M'nkhani zimenezi muli chikondi, mantha, chinyengo ndi nthabwala zokwanira, ndipo palibe chifukwa choti filimu yake ikhale yogonetsa tulo.

Kuti zimenezi zitheke pakufunika zinthu zooneka zazing'ono. Opanga mafilimu ajambule m'Chichewa, kapena alole omasulira aluso awaikire mawu movomerezeka, ndipo agwirizane ndi eni mavidiyo za mtengo umene onse angapindule nawo. Aphunzitsi a Chichewa, amene amaphunzitsa kale za mpangankhani, pampondachimera ndi phunziro la nkhani, angagwiritse ntchito luso lomwelo pothandiza ophunzira kuzukuta filimu: waijambula ndani, akufuna ndikhulupirire chiyani, wasiya kunja chiyani? Mabungwe opereka ndalama aphunzire kukhulupirira wolemba nkhani m'malo momulembera mathero. Ndipo woonera, pa mafilimu khumi amene amalipira, apatuleko imodzi ya kwawo. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Palibe amene akuti Jackie Chan achotsedwe pamsika wa Mwanza. Munthu wotopa ali ndi ufulu woseka ndi wolota. Chovuta chimabwera pamene maloto a eni ake ndiwo okhawo ali pamalonda, mwana n'kukula akudziwa misewu ya Mumbai ndi Los Angeles koma osaonapo nkhope yonga ya amayi ake pachinsalu. Mwana wotere amayamba kuganiza kuti moyo weniweni uli kwina, ndipo kwawo ndi pongodikirira basi.